Kuyendetsa ulangizi wofikitsa achinyamata achiaborijini kwa abale awo ndi ku dziko la makolo awo

Mwana wachiaborijini, wa mtundu wa eni nthaka oyambirira a ku Australia, amene akusokonekera amafunika womuthandiza za kusukulu, koma amafunikanso kudziwa mtundu wake, kumene kuli dziko la makolo ake, abale ake, ndi mmene ayenera kumutchulira aliyense wa iwo. Zimenezi mlangizi wochokera kunja sangazipereke, ngakhale akhale wophunzira chotani. Eni ake ndi akuluakulu a m'deralo, amene achinyamata amawatchula kuti Aunty ndi Uncle. Ntchito ya mlangizi ndi kumufikitsa mwana kwa iwo, ndi kukhala naye pafupi kwa nthawi yaitali osamutaya panjira. Malangizowa ndi a ofuna kuyambitsa pulogalamu yotere, ndi a amene alembedwa ntchito pa pulogalamu yomwe ilipo kale.

Musanagogode pakhomo la munthu, dziwani chimene chinadula ubalewu. Kuyambira cha m'ma 1910 mpaka m'ma 1970, maboma a ku Australia ankalanda ana achiaborijini n'kuwapititsa kumamishoni, kunyumba za boma ndi kumabanja a azungu. Lipoti la Bringing Them Home linaulula zimenezi mu 1997, ndipo nduna yaikulu Kevin Rudd anapepesa pa 13 February 2008. Agogo ena a ana amene mukufuna kuwalangiza ndi omwewo amene analandidwa. Munthu wachilendo wobwera ndi galimoto ndi mafomu kudzatenga mwana amawakumbutsa zomwezo, choncho akakukayikirani musakhumudwe. Zilankhulo nazo zinavulala: mwa zoposa 250 zimene zinalipo azungu asanafike, zimene zikulankhulidwabe ndi pafupifupi 120, ndipo zimene ana akuyamwira kwa makolo awo ndi zochepa kwambiri.

Yambani ndi eni dera

Aaborijini si mtundu umodzi. Pakatikati pa Sydney ndi pa Agadigal, ku Perth ndi kwa Anoongar, ku Alice Springs ndi kwa Aarrernte, ku Darwin ndi kwa Alarrakia, ku Broome ndi kwa Ayawuru, ndipo anthu a kuzilumba za Torres Strait ali ndi chikhalidwe chawochawo. Chimene mwaphunzira kudera lina musachitenge ngati lamulo la kwina. Funsani ku bungwe loona za malo la m'deralo ndi kuchipatala choyendetsedwa ndi Aaborijini eni ake kuti eni nthaka ndi ati, mabanja akuluakulu ndi ati, ndipo ndani amene anthu amamumvera pa nkhani za anyamata ndi za atsikana.

Patulani miyezi itatu kufikira isanu ndi umodzi yongokhala pansi ndi anthu, kumwa tiyi ndi kumvetsera, musanalembe dzina la mwana ndi mmodzi yemwe. Opereka ndalama sakonda gawo limeneli chifukwa silionetsa manambala, koma mukalidumpha pulogalamu imafa ndalama zoyamba zikatha. Samalani kuti musagwire banja limodzi lokha. M'dera laling'ono mumakhala mabanja amene sagwirizana, ndipo anthu akaona kuti pulogalamu ndi ya banja lakuti, ana a mabanja ena sabwera. Palibe amene angakuuzeni chifukwa chake, mumangoona mipando yopanda anthu.

Pangani komiti ya akuluakulu, amuna ndi akazi, ochokera m'mabanja osiyanasiyana, ndipo muikemo achinyamata awiri kapena atatu. Komitiyo ikhale ndi mphamvu zenizeni: ivomereze bajeti, ikhalepo polemba anthu ntchito, ndipo ikhale ndi ufulu woletsa ulendo kapena kukana mlangizi. Komiti yongoitanidwa kudzadalitsa zimene mwagamula kale, akuluakulu amaizindikira msanga n'kusiya kubwera. Alipireni pa msonkhano uliwonse ndi pa tsiku lililonse la ulendo, monga mungalipirire katswiri aliyense, ndipo ndalamayo ilembedwe m'bajeti kuyambira pachiyambi. Ena amalandira ndalama za boma kudzera ku Centrelink, ofesi ya boma yopereka ndalama zothandizira anthu, choncho kambiranani za kalipiridwe kuti malipiro anu asawasokonezere.

Mapulogalamu amene anazika mizu anayamba choncho. Ku Yuendumu, mudzi wa ku Northern Territory, m'dziko la Awarlpiri, achinyamata ambiri ankanunkhiza petulo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Akuluakulu Peggy Nampijinpa Brown ndi Johnny Japangardi Miller anayamba kuwatengera ku Mt Theo, makilomita pafupifupi 160 kuchokera pamudzipo, n'kumawasamala okha. Ku Kimberley, kumpoto chakumadzulo kwa Australia, Yiriman Project inayambitsidwa mu 2000 ndi akuluakulu a zilankhulo zinayi, Nyikina, Mangala, Karajarri ndi Walmajarri, ndipo za ndalama ndi mapepala zinaikidwa m'manja mwa bungwe la chikhalidwe la KALACC ku Fitzroy Crossing. Njira imeneyi ndi yabwino kutengera. Zaka zoyamba khalani pansi pa bungwe lachiaborijini limene lilipo kale, lokhala ndi inshuwalansi ndi wowerengera ndalama. Kulembetsa bungwe lanulanu ku ofesi ya ORIC, yolembetsa mabungwe achiaborijini, potsatira lamulo la CATSI la 2006, kubwere ntchito itakhazikika.

Mtundu wa pulogalamu

Ena amagwirira ntchito pasukulu. Clontarf Foundation, imene Gerard Neesham anayambitsa ku Perth mu 2000, imakokera anyamata kusukulu pogwiritsa ntchito mpira, ndipo alangizi ake amakhala pasukulupo tsiku lililonse. Stars Foundation inayamba mu 2015 kuchita zofanana ndi atsikana. AIME, imene Jack Manning Bancroft anayambitsa ku Sydney mu 2005, inagwirizanitsa ophunzira a kuyunivesite ndi ana a sekondale. Ku Redfern, mu mzinda wa Sydney, bungwe la Tribal Warrior linayamba mu 2009 masewera a nkhonya a m'mamawa, katatu pa sabata, achinyamata ndi apolisi akuphunzira limodzi. Ena, monga Yiriman, amapita ndi achinyamata kutchire masiku angapo.

Yapasukulu imamuona mwana tsiku ndi tsiku, koma chikhalidwe chimatha kuchepa mpaka kungotsala gule wa sabata ya NAIDOC, yokondwerera chikhalidwe cha Aaborijini, mu July. Yakutchire imafika pamtima, koma ndi yodula ndipo imachitika patalipatali. Ngati mungathe, phatikizani: kukumana sabata iliyonse m'tauni, ndi ulendo umodzi teremu iliyonse. Yambani ndi achinyamata 10 kapena 15. Clontarf ndi AIME, zimene zinadzakula kwambiri, zonse zinayamba ndi ana 25.

Kusankha alangizi ndi kuwapatsa ana

Aliyense wogwira ntchito ndi ana ayenera kukhala ndi chilolezo cha boma, kuphatikizapo akuluakulu opita nawo paulendo, madalaivala ndi ophika. Chigawo chilichonse cha Australia chili ndi boma lake ndi chilolezo chake: ku New South Wales ndi Working with Children Check ya zaka 5, ku Queensland ndi Blue Card ya zaka 3, ku Northern Territory ndi Ochre Card ya zaka 2, ndipo chilolezo cha boma lina sichigwira ntchito chokha m'boma lina. Chimene chimachedwetsa nthawi zambiri ndi ziphaso. Anthu ambiri a kumadera akutali alibe setifiketi yakubadwa, kapena mayina awo analembedwa mosiyana pamapepala osiyanasiyana. Athandizeni kukonza zimenezi miyezi iwiri ntchito isanayambe. Mlandu wakale waung'ono sikuti umalepheretsa chilolezo nthawi zonse, ndipo munthu amene anapunthwa n'kudzuka amamveka bwino kwa mnyamata amene akupunthwa lero. Koma chilolezo chimangoona zimene zinalembedwa. Funsaninso amayi akuluakulu a m'komiti mwakachetechete, ndipo akanyinyirika pa dzina la munthu, musamulembe.

Aphunzitseni alangizi masiku osachepera awiri asanakumane ndi mwana: chitetezo cha ana, chithandizo choyamba, zizindikiro za mwana amene akuganiza zodzipha, ndi malire a ntchito yawo. Ku Northern Territory munthu wamkulu aliyense amakakamizidwa ndi lamulo kukanena akakhulupirira kuti mwana akuchitidwa nkhanza. M'maboma ena lamulo limatchula magulu a ntchito, koma pulogalamu yanu iike lamulo lomwelo kwa onse. Mwana auzidwe tsiku loyamba kuti zimene anena zidzasungidwa, kupatula ngati iye kapena wina ali pangozi. Akadzazimva mochedwa, amaona ngati mwamupereka.

Mlangizi amene si Mwaaborijini ali ndi malo ake: kuyendetsa galimoto, kuthandiza homuweki, kuperekeza kukhoti kapena kukayesa laisensi, kudzaza mafomu. Asaphunzitse chikhalidwe, ngakhale anawerenga zambiri. Mwana akafunsa za mwambo, yankho labwino ndi lakuti, "Tiye tikafunse Aunty."

Pogawa ana, mnyamata apite kwa mwamuna, mtsikana kwa mkazi. Pali nkhani za amuna ndi nkhani za akazi zimene sizikambidwa mosakaniza. Kumadera a kumpoto ndi a m'chipululu ganiziraninso za ubale. Awarlpiri ali ndi magulu 8 a ubale, lililonse ndi dzina la mwamuna ndi la mkazi, monga Japanangka ndi Napanangka, Jakamarra ndi Nakamarra. Gulu la munthu limanena amene ndi amalume ake, amene angamukwatire, ndi amene ayenera kumupewa. Kupewana kwa mkamwini ndi apongozi ake aakazi, kumene ifenso timakudziwa, kumeneko n'kokhwima kwambiri: sakhala chipinda chimodzi, sayang'anana, satchulana dzina. Mukaona wina akukana kulowa m'chipinda kapena kukwera galimoto popanda chifukwa chooneka, musamukakamize. Mndandanda wa ogawidwa, ngakhale wa okwera galimoto iliyonse, udutse kaye kwa akuluakulu. Mwana nayenso afunsidwe, ndipo apatsidwe njira yokanira mosachita manyazi, monga kuuza wantchito wina.

Chofunika koposa ndi kutalika kwa ubale. Kafukufuku wa Jean Grossman ndi Jean Rhodes wa 2002, pa pulogalamu ya Big Brothers Big Sisters ku America, anapeza kuti ana amene anakhala ndi mlangizi chaka chathunthu kapena kuposa ndi amene anapindula kwambiri, pamene amene ubale wawo unatha miyezi itatu isanakwane anabwerera m'mbuyo pa zina, monga kudzidalira. Kwa mwana amene wasinthidwa kale nyumba kangapo, mlangizi wosowa mwadzidzidzi amangotsimikizira kuti akuluakulu sakhalitsa. Amene sangalonjeze miyezi 12, ola limodzi kapena awiri sabata iliyonse, musamupatse mwana. Ophunzira a kuyunivesite ndi antchito a kontirakiti yaifupi ndi bwino athandize pagulu. Mwana aliyense adziwane ndi alangizi awiri, kuti wina akachoka wina atsale.

Masabata oyamba

Pitani kunyumba mukadzionetse. Wolera mwana nthawi zambiri ndi agogo kapena azakhali, ndipo ndi iwo oyenera kumva kaye. Ngati mwana ali m'manja mwa boma, wosaina chilolezo ndi dipatimenti yoona za ana, ndipo chilolezo cha ulendo wogona chimatenga masabata, choncho pemphani msanga. Fomu muiwerenge mokweza ndi kuifotokoza pakamwa. Manambala a foni amasintha kawirikawiri, sungani a anthu atatu a pabanjapo.

Achinyamata achiaborijini ali ndi chimene amachitcha shame, manyazi aakulu obwera munthu akalozedwa pagulu, ngakhale pomuyamikira. Musamuimiritse kutsogolo kuti adzifotokoze. Musamupanikize ndi mafunso, ndipo akayang'ana pansi kapena akachedwa kuyankha, si mwano. Nkhani zimatuluka anthu atakhala moyandikana, manja ali pa ntchito: poweza nsomba, pokonza njinga, pophika, m'galimoto. Dziwaninso kuti matenda a m'khutu ndi ofala pakati pa ana amenewa, ndipo ambiri samva bwino. Mwana wooneka wosamvera mwina sanamve n'komwe. Lankhulani pamalo opanda phokoso, ndipo mulimbikitse banja kuti akapimidwe pa ndondomeko yaulere yopima thanzi yotchedwa 715 kuchipatala chawo. Pa kukumana kulikonse pakhale chakudya, ndipo ana muziwatenga ndi kuwabweza pakhomo. Popanda mayendedwe, obwera amakhala okhawo amene zinthu zili bwino kale kwawo.

Ulendo wa ku dziko la makolo

Malo asankhe ndi akuluakulu, ndipo paulendo pakhale munthu amene ali ndi ufulu wolankhulira dzikolo. Mkulu wolemekezeka wa dera lina sangalankhulire dziko la eni. Ku Northern Territory, amene si eni ake amafunika chilolezo cha bungwe loona za malo, monga Central Land Council kapena Northern Land Council, kuti alowe m'malo a Aaborijini, malinga ndi lamulo la malo la 1976. Kumpoto, dzinja la November mpaka April limatseka misewu, choncho maulendo aatali amayenera May mpaka September. M'madera ambiri a m'chipululu ndi ku Kimberley, miyezi yotentha ya kumapeto ndi kumayambiriro kwa chaka ndi nthawi ya miyambo ya anyamata, misewu ina imaletsedwa, ndipo simuyenera kufunsa zambiri.

Musapite ndi galimoto imodzi. Tengani magalimoto awiri oyenda m'tchire, iliyonse ndi matayala awiri apadera, jeki, pampu, fosholo ndi chingwe chokokera. Madzi akhale malita 10 pa munthu pa tsiku, akumwa ndi ophikira, kuwonjezerapo a masiku awiri apadera, m'zigubu zingapo kuti chimodzi chikaboola musataye onse. Netiweki kulibe, choncho pakhale foni ya satelayiti ndi kachipangizo koitanira opulumutsa, ndipo wina wotsala m'tauni adziwe njira yanu ndi ola limene muziimba tsiku lililonse. M'bokosi la chithandizo choyamba muike mabandeji otambasuka a njoka. Wolumidwa amamangidwa mwendo kapena mkono wonse, osautsuka, osaucheka, ndipo asayende mpaka thandizo litafika, lomwe kumadera akutali nthawi zambiri ndi ndege ya Royal Flying Doctor Service. Kumpoto musalole kusambira pokhapokha eni dziko atanena kuti mulibe ng'ona. Munthu wamkulu mmodzi pa achinyamata anayi ndi muyezo wabwino, ndipo anyamata ndi atsikana agone misasa yosiyana, uliwonse ndi akuluakulu ake.

Chimene okonza ulendo amaiwala kawirikawiri ndi thanzi la akuluakulu. Ambiri ali ndi matenda a shuga, a mtima kapena a impso. Funsani kuchipatala za mankhwala awo, sungani insulini pozizira, tengani mipando, matiresi okhuthala ndi lona la mthunzi. Amene amatsukidwa impso ndi makina, kawirikawiri katatu pa sabata, sangathe masiku ambiri kutchire, choncho kutalika kwa ulendo kuyenderane ndi iye.

Pofika, akuluakulu ena amaitana makolo m'chilankhulo chawo kuwadziwitsa za alendo, ena amafukiza utsi kapena kuwaza madzi. Tsatirani zimene mwauzidwa. Musadzaze tsiku ndi ndandanda. Kuyenda pansi, kulondola mapazi a nyama, kukumba zakudya za m'tchire, kutola mankhwala, kuyeretsa zitsime, kutentha udzu pa nyengo yake, kumva mayina a mapiri ndi nkhani zake, zonsezi zimabwera pa liwiro la mkulu wophunzitsayo. Mlangizi atole nkhuni, aphike, ndipo akhale chete. Masiku awiri oyamba achinyamata amadandaula za foni ndi fodya, ena amafuna kubwerera. Zimenezi zimatha, n'chifukwa chake ulendo wa masiku anayi kapena asanu umaposa wa usiku umodzi.

Musajambule popanda kufunsa, ndipo musaike pa Facebook malo, nyimbo kapena nkhani zimene eni ake sanavomereze. Gwirizanani polemba kuti zojambulidwa ndi za eni ake, ndipo ndi iwo onena amene angazione. Mukabwerako, mlangizi akumane ndi mwana sabata isanathe. Mwana amabwerera ku mavuto omwe anawasiya, ndipo ulendo wopanda wotsatira umazilala msanga. Ngati m'deralo muli gulu la Aaborijini osamalira malo ndi nyama, lumikizanani nalo, monga imachitira pulogalamu ya Learning on Country ku Arnhem Land, kuti wachinyamata aone kuti nzeru za makolo zikhoza kukhala ntchito yolipidwa.

Mwana amene sadziwa kwawo

Aaborijini ambiri amakhala m'mizinda ndi m'matauni, ndipo mwana woleredwa kunja kwa banja lake mwina sadziwa mtundu wake. Musamufunse pagulu kuti kwanu n'kuti, ndipo musanene kanthu za khungu lake. Ambiri ndi oyera khungu chifukwa cha mbiri yomwe ija, ndipo mawu akuti "sukuoneka ngati Mwaaborijini" amabaya. Kufufuza banja kuchitike iye akafuna, pamodzi ndi omulera, mothandizidwa ndi mabungwe a Link-Up, olumikizanitsa anthu ndi abale awo, kapena nthambi ya mbiri ya mabanja ya AIATSIS, bungwe lofufuza za Aaborijini ku Canberra. Zimene zimapezeka m'mafailo akale zimakhala zowawa, choncho pakhale phungu wa zamaganizo. Podikira, akuluakulu a kumene akukhala angamulandire, ndipo makalasi a zilankhulo zimene zikutsitsimutsidwa, monga Kaurna ku Adelaide ndi Wiradjuri ku New South Wales, ndi khomo labwino.

Zimene zimagwetsa ntchito

Maliro, amene amatchedwa sorry business, amaimitsa zonse, nthawi zina masabata angapo, ndipo mabanja amayenda mitunda italiitali. Musachotse mwana pa mndandanda chifukwa chojomba nthawi imeneyi. M'madera ambiri dzina la womwalira silitchulidwa kwa nthawi ndithu, ndipo amene ali ndi dzina lomwelo amatchedwa lina, monga Kumanjayi kwa Awarlpiri. Chotsani zithunzi za womwalirayo pakhoma ndi pa intaneti mpaka banja litalola.

Alangizi achiaborijini amatopa msanga chifukwa saweruka. Amakhala m'dera lomwelo, ana ndi abale awo, anthu amagogoda usiku kupempha galimoto kapena ndalama, ndipo kukana m'bale n'kovuta. Ikani malamulo olembedwa a galimoto ndi ndalama kuti mlangizi azitha kunena kuti ofesi ndiyo yakana. Mpatseni foni ya ntchito yozimitsa akaweruka, ndi munthu wokambirana naye zakukhosi milungu iwiri iliyonse. Mwana akatchula zodzipha, mlangizi asamusiye yekha ndipo asasenze nkhaniyo yekha. Aimbe 000, nambala ya zadzidzidzi, ngati pali ngozi, adziwitse woyang'anira, ndipo onse adziwe za 13YARN, nambala imene imayankhidwa ndi Aaborijini ndi anthu a ku Torres Strait usana ndi usiku.

Mukamalandira ana otumizidwa ndi apolisi ndi makhoti okha, pulogalamu imatchuka kuti ndi ya ana opulupudza, ndipo makolo ena amaletsa ana awo. Sakanizani ndi amene zikuwayendera. Amene akula muwapatse udindo pang'onopang'ono, monga anachitira ku Yuendumu ndi gulu la Jaru Pirrjirdi, mmene achinyamata okulirapo ankayendetsa zochitika za ang'onoang'ono. Alangizi a mawa amachokera m'menemo.

Ndalama za chaka chimodzi n'zoopsa pa ntchito yolonjeza mwana miyezi 12. Pemphani za zaka zitatu, kuchokera kwa opereka oposa mmodzi. Opereka amafuna manambala a kusukulu ndi a milandu, chifukwa mgwirizano wa maboma ndi mabungwe achiaborijini wa Closing the Gap wa 2020 ukufuna kuchepetsa achinyamata awo otsekeredwa ndi 30 peresenti pofika 2031. Apatseni, koma komiti isankhenso zoyezera zake: masiku amene mwana wakhala ndi akuluakulu, abale amene wawadziwa, ngati angatchule achikulire atatu amene angathamangireko zinthu zitavuta.

Mlangizi akamachoka, mwana auzidwe mwezi umodzi zisanachitike, ndi mlangiziyo mwini, pamaso. Masabata otsalawo azikumana atatu pamodzi ndi wolowa m'malo, banja lidziwitsidwe, ndipo anene zoona ngati adzapitiriza kulankhulana kapena ayi.